NKHOSWE YA MUNTHU WOSATHA KUDZINENERA

Akale anati, wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mwambi umenewu ngwoona pa anthu ambiri, pakuti iye amene cinthu camsautsa ndiye ayamba kuyenda kukafuna thandizo. Koma alipo ena amene amva m'mimba monga anzao onse, osatha kutsekula citsekoco. Njala aimva, mphepo iwapweteka, mantha ali nao. Koma kuima pamaso pa kalaliki wa Boma ndi kufotokoza bvuto lao, cimeneco cawakanika. Ayenera wina kuwatsekulira. Tsono funso limene lisautsa makolo ambiri ndi ili: kodi nkoyenera kuti kholo likapemphe thandizo ku Boma m'dzina la mwana wace amene wakula kale, wamera ndebvu, ndipo manja ndi miyendo yace nzamphumphu? Ndipo ngati nkoyenera, liyende bwanji kholo limenelo kuti lisalakwire mwanayo, kapena Boma, kapena anansi ace?

Mudzi wa anchito

Funso limeneli lioneka bwino ku Kafue, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa dzina lomwelo, makilomita ngati 45 kumwera kwa Lusaka. Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, Boma linasankha malowa kuti akhale a mafakitale. Fakitale ya fetereza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa mu 1970, ndipo m'zaka zomwezo makina oomba nsalu a Kafue Textiles anayamba kulira. Anchito anawamangira nyumba m'mizere pa malo ochedwa Kafue Estates. Anthu anacokera kutali, ena ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, nasiya minda ndi abale kumudzi. Masiku amenewo malipiro a bambo mmodzi anali kusunga nyumba yonse, wolimba ndi wofooka yemwe.

Koma zinthu zinasintha. M'zaka za m'ma 2000 makina a nsalu anakhala cete, ndipo fakitale ya fetereza inacepetsa anchito ace. Anyamata amene anafika mu 1970 tsopano ndi nkhalamba, ndipo ambiri a iwo anatsikira kumanda, nasiya akazi amasiye. Kumudzi munthu wofooka asungidwa ndi mbumba yonse: lero adya kwa azakhali ace, mawa kwa atsibweni, ndipo akasocera m'dambo, wobwera naye sasowa. M'tauni khomo liri lonse liri ndi loko wace, nkhokwe palibe, ndipo nsima yonse icokera m'thumba. Cotero m'nyumba zina muli mai wokalamba ndi mwana wace wa zaka makumi atatu, amene sangathe kugwira nchito kapena kudziphikira, ndipo katundu yense ali pa mutu umodzi.

Kulemala kosaoneka

Pakati pa ana osungidwa cotero alipo ena amene madotolo achula mkhalidwe wao kuti autism. Cinyanja ciribe liu la mkhalidwe umenewu, ndipo popeza liu palibe, anthu abwereka mau oipa. Ena ati ncitsiru, ena ati ngwamisala, ena ati anamlodza, ndipo ena anong'onezana kuti makolo ace anamkhwimira kuti alemere. Zonsezi nzabodza. Autism ndi mapangidwe a bongo amene munthu abadwa nao, ndipo kawirikawiri zizindikiro zace zioneka mwana akali wamng'ono, wa zaka ziwiri kapena zitatu. Mwana wotere acedwa kulankhula, kapena salankhula konse, kapena angobwereza mau amene wamva. Sakonda kuyang'ana munthu m'maso. Afuna kuti zinthu zicitike lero monga zinacitikira dzulo, ndipo njira ikasintha, kapena mbale yace ikasowa, asauka mtima koposa. Phokoso limene ena saliyesa kanthu, monga la cigayo kapena la sitima pa njanji, kwa iye lilasa ngati munga.

Leo Kanner, dotolo wa ku Baltimore m'dziko la America, ndiye analongosola mkhalidwe umenewu mu 1943, atapenya ana 11. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linali kuwerenga kuti pa dziko lonse pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali nao. Safanana onse. Ena aphunzira, nagwira nchito, namanga banja, osasowa thandizo la munthu. Ena sangathe kuoloka mseu okha, kapena kuwerenga cenje, kapena kunena pamene papweteka; ndipo nkhani ino inena za iwowa. Mankhwala oucotsa palibe. Mwana wa autism akakula akhala munthu wamkulu wa autism.

Apa ndipo pagona bvuto. Wosaona adziwika ndi ndodo yace, wopuwala adziwika ndi mayendedwe ace, koma uyu aoneka mnyamata wamphamvu. Anansi amuona alikutunga madzi tsiku ndi tsiku, nanena kuti, Ameneyu ngwaulesi cabe, amai ace amlekerera. Sadziwa kuti mgomo womwewo, ndi mpopi womwewo, ndi ora lomwelo, amaiwo anamphunzitsa zaka zisanu.

Njira ya makalata

Njira yopempha thandizo iri ndi makomo atatu. Loyamba ndilo citupa ca Boma, cimene anthu acichula reji, cimene nzika iri yonse itenga ikakwanitsa zaka 16. Ana ambiri otere afika zaka makumi awiri alibe reji, cifukwa makolo anayesa kuti munthu wosacoka pakhomo alibe nayo nchito. Koma popanda iyo makomo enawo abvuta kutseguka.

Khomo laciwiri ndilo bungwe la Boma loyang'anira olemala, Zambia Agency for Persons with Disabilities, limene liyenda pa lamulo la olemala la 2012, lolowa m'malo mwa la 1996. Kumeneko munthu alembedwa m'kaundula ndi kulandira khadi, dotolo atayamba wamuyeza ndi kulemba pa fomu cimene waona. Popeza odziwa za bongo ndi maganizo ngocepa, ena atumizidwa ku Lusaka, ku cipatala conga ca Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa mu 1962. Ndipo dzina lokha la cipatalaco libweza makolo ena panjira, poopa kuti anthu adzati mwana wao ngwopenga.

Khomo lacitatu ndilo ofesi ya Social Welfare, imene iyendetsa ndalama zochedwa Social Cash Transfer. Thandizo limeneli linayamba mu 2003 m'boma la Kalomo, ndipo pambuyo pace linafalikira m'maboma onse a dziko. Makomiti a anthu a m'dera athandiza kulemba nyumba zosauka, maina awerengedwa pa msonkhano wa anansi, ndipo anchito a Boma aona mmene nyumbayo ikhalira. Mu 2022 nyumba yosankhidwa inali kulandira K200 pa mwezi, ndipo nyumba yokhala ndi munthu wolemala kwambiri inali kulandira kawiri, ndiyo K400. Ndalamazo zinali kuperekedwa kamodzi pa miyezi iwiri. Si onse olembetsa alandira pomwepo. Ena adikira nthawi yaitali.

Pa makomo onsewa mwini wace wa nkhani sangathe kudzinenera. Pa mwambo wa makolo, munthu wosayenera kudzilankhulira yekha pa bwalo ali ndi nkhoswe. Nkhoswe imva mau a munthu wace, niwatula kwa akulu osaonjeza kapena kucotsa. Isunga ulemu wace. Ndipo cimene calipidwa sicikhala ca nkhosweyo. Umu ndimo kholo liyenera kudziyesa lokha pa ulendo umenewu. Mwanayo ali wamng'ono, linali mwini wa mau onse. Tsopano wakula, ndipo kholo lakhala nkhoswe yace.

Kodi nkupemphapempha?

Coyamba cimene cigwira kholo mwendo ndi manyazi. Mai amene mwamuna wace anali kubvala yunifomu ya fakitale aona cinthu copweteka kuima pa mzere wa osauka. Ndipo alipo onena kuti banja liyenera kusunga lokha munthu wace, ndi kuti ndalama za Boma zizolowetsa anthu kutambasula manja.

Mau amenewa ali ndi mbali yoona. Boma silingasambitse munthu, silingadziwe kuti kulira kwa lero nkwa dzino kapena nkwa mantha, silingakhale naye usiku. Nchito imeneyi njabanja, ndipo banja loti litaye munthu wace poti Boma lamlemba licita coipa cacikuru. Koma K400 ya 2022 sinali kupitirira kwambiri mtengo wa matumba awiri a ufa a makilo 25. Ndalama zotere sizingalowe m'malo mwa banja. Zingocirikiza denga kuti lisagwe. Ndipo sizicokera m'thumba la munthu wacifundo, zoti wolandira agwade. Bambo amene anagwira nchito zaka zambiri m'fakitale anadulidwa msonkho mwezi ndi mwezi, ndipo mai ali yense wogula sopo m'sitolo alipira msonkho wobisika mu mtengo wace. Dziko lasonkha, ndipo dziko lomwelo lapangana mwa lamulo kuti gawo lina lipite kwa ofooka.

Koposa izi, thandizolo si la kholo kuti lilikane. Munthu angathe kukana nsima yace cifukwa ca manyazi. Koma kukana nsima ya mnzace amene sangathe kuipempha yekha, kumeneko nkummana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo pano wofera kuunako ndi mwana, pamene manyazi ngakholo.

Komabe pali kusiyana kumene munthu woona mtima ayenera kukusunga. Khadi la olemala liyenera wolemala ali yense, wosauka ndi wolemera yemwe. Koma ndalama za mwezi ndi mwezi nza nyumba zosauka. Banja limene liri ndi ana a malipiro abwino, kapena nyumba zobwereketsa, litenge khadi, nilisiye ndalamazo kwa wamasiye wopanda pogwira. Pakuti mphika ngwamng'ono, ndipo odikira ngambiri.

Mabodza awiri

Caciwiri ndi cimene cipweteka koposa zonse. Zaka zonse kholo lakhala likuteteza mwana wace kwa onyoza, ndi kuuza anthu zabwino zace: kuti sanama, kuti saba, kuti akumbukira nyimbo iri yonse imene anaimvapo. Tsopano, pamaso pa mlendo wogwira colembera, liyenera kuchula zofooka zace zonse: kuti sadzisambitsa yekha, kuti akacita mantha adzimenya kumutu, kuti tsiku lina anasocera mpaka usiku. Ndipo mwini wace ali pomwepo, alikumva.

Pamenepo pabadwa mabodza awiri. Loyamba ndilo bodza la cikondi, locepetsa. Dotolo afunsa ngati mnyamata adya yekha, ndipo mai ayankha kuti inde, osanena kuti ayenera kumpakulira, kumuitana, ndi kukhala pambali pace kufikira atatha. Dotolo alemba cimene wamva, ndipo thandizo lipita kwina. Laciwiri ndilo bodza la mantha, loonjeza. Poona kuti kulemala kwa mwana sikuoneka ndi maso, kholo limbveka nsanza, kapena limletsa kuyankha funso limene akanatha kuyankha, kapena linena matenda amene alibe. Bodza limeneli lingabale ndalama lero, koma liphunzitsa akalaliki kukayika makolo onse odza m'mbuyo, ndipo lilemba pa pepala munthu wina wosakhala mwanayo.

Nkhoswe yokhulupirika inena tsiku monga liri, kuyambira m'mawa kufikira usiku: cimene munthuyu acita yekha, cimene acita pothandizidwa, ndi cimene sangacite konse, masiku ace abwino ndi masiku ace oipa. Nkwabwino kulembatu zimenezi kunyumba, ndi kutenga mabuku akale a ku cipatala, kalata ya ku sukulu ngati anapitako, ndi mboni imene imdziwa. Coona cotere cikwanira. Ndipo cikapanda kukwanira ulendo woyamba, kholo libwerenso, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Ulemu wa mwanayo usungidwe pa zonsezi. Ambiri osalankhula amva zambiri koposa mmene anthu ayesera. Cifukwa cace kholo limuuziretu kumene apita ndi cimene cikanenedwa. Limchule ndi dzina lace, ndipo zinthu zocititsa manyazi lipemphe kuzinena padera. Mau ali ndi kulemera, ndipo dziko lomwe linazindikira cimeneci. Lamulo la za maganizo lolembedwa mu 1949, m'nthawi ya atsamunda, linali kugawa anthu ndi maina otanthauza citsiru ndi wopepera. Mu 2017 Bwalo Lalikuru la milandu ku Lusaka linagamula kuti maina amenewo aswa malamulo a dziko, ndipo mu 2019 panakhazikitsidwa lamulo latsopano. Ngati Boma lataya mau otere, sikuyenera kuti atsale pakamwa pa abale.

Mwini wa mau, mwini wa ndalama

Cacitatu ndico cakuti munthuyu ngwamkulu. Mu 2010 dziko la Zambia linabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa olemala, limene linena kuti wolemala ali munthu wathunthu pamaso pa lamulo, woyenera kuthandizidwa kuti asankhe, osati kungosankhiridwa. Mu Uthenga wa Yohane, mutu 9, makolo a munthu wobadwa wosaona anakana kumyankhira pamaso pa akulu, natsamira pa msinkhu wace. Anacita cimeneco mwa mantha. Koma mwana waoyo anatha kudzinenera, nadzinenera bwino. Kulakwa kuli mbali ziwiri: kusiya yekha munthu wosatha kuyankha, ndi kutseka pakamwa munthu amene akanatha. Ngati mnyamata angathe kunena dzina lace, alinene yekha. Ngati angathe kusaina kapena kudinda cala, kholo limfotokozere cimene adinda. Ngati aonetsa ndi dzanja malaya amene awafuna, kumeneko ndiko kusankha kwace.

Tsono ndalama zikafika, nzayani? Boma lizipereka kwa nyumba yonse, ndipo sikulakwa kuti ufa wogulidwa nazo udyedwe ndi onse, pakuti munthu sadya yekha pakati pa anjala. Mai amene analeka malonda ace kuti asunge mwanayo ali nalonso gawo. Wosunga mnzace ayenera kudya. Koma gawo loonjezedwalo lalowa m'nyumbamo cifukwa ca munthu mmodzi, ndipo zosowa zace ziyenera kutsogola: cakudya cimene atha kudya, gombeza, nsapato, ulendo wa ku cipatala, ndi mankhwala ngati ali ndi khunyu, pakuti ena a autism agwa khunyu. Nyumba imene wailesi yatsopano ilira pamene mwini khadi agona pansi wopanda copfunda, nyumba imeneyo yadya za mwini.

Kuba kotere nkosabvuta, cifukwa wobedwa sadzadandaula. Iye amene sangathe kupempha sangathenso kufunsa kumene ndalama zapita. Potero nkhoswe yanzeru idziikira yokha mboni: isunga kope lolembamo zolowa ndi zoturuka, niliika poyera kuti mbale ali yense aliwerenge. Kope lotere liteteza mwanayo ku dyera, litetezanso kholo ku miseche.

Kholo likapita

Cifukwa cacikuru ca ulendo wonsewu cibisika m'funso limene makolo otere agona nalo: Ine ndikafa, adzamsunga ndani? Mwana woyamba pa ana 11 aja a Kanner anali Donald Triplett, wa ku tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi. Anakhala ndi moyo zaka 89, namwalira mu 2023, makolo ace atapita kalekale. Zinthu ziwiri zinamsunga. Makolo ace, pokhala anthu a cuma, anamuikira ndalama mwa dongosolo akali moyo. Ndipo anthu a m'tauniyo anamdziwa, namlandira monga wao, iye nagwira nchito zaka zambiri m'banki ya kumeneko.

Wamasiye wa ku Kafue Estates alibe cuma cotere. Koma zinthu ziwirizo angathe kuzisiya mwa muyeso wace. Reji, khadi ndi dzina m'kaundula ndizo dongosolo lace. Zinena m'malo mwace tsiku limene pakamwa pace padzatsekeka. Mwana wobisidwa m'cipinda zaka makumi atatu, wosadziwika kwa dotolo kapena kwa komiti, tsiku la maliro a amace asanduka mlendo m'dziko lace, ndipo abale obwera kudzagawa katundu akangana za mipando osati za iye. Cifukwa cace kholo lisayende lokha pa makomo aja. Litenge mlongo wace wa mnyamatayo, kapena mbale wina wamng'ono msinkhu, kuti aone ofesi, adziwe kumene mapepala asungidwa, naphunzire cimene ciopsa mnyamatayo ndi cimene cimtonthoza. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo cinthu caciwirico, ndico kudziwika ndi kulandiridwa, ciri m'manja mwa anansi, a ku Kafue ndi a kumudzi omwe. Pa msonkhano wowerenga maina padzaimirira wina nadzati, Mnyamata uja ali ndi manja, agwire nchito. Pamenepo mnansi amene amva kulira kwa usiku kuseri kwa cipupa, ndi mkulu wa mpingo amene aona mnyamatayo atseka makutu pomveka ng'oma, ali ndi mangawa a kuima ndi kunena cimene adziwa, osaonjeza ndi osacotsa. Lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza. Wocitira mnzace umboni lero sadziwa tsiku limene iye mwini adzasowa womnenera.

Cotero yankho la funso lija ndi ili: nkoyenera, ndipo kwa banja losauka ndi mangawa. Kholo lipite miyendo ikali yolimba, litenge mbale woti adzalowe m'malo mwace, linene coona conse mwa ulemu, ndipo cimene lapatsidwa licisunge monga ca mwini.